Jakisoni wa epidural pa ng'ombe yotuluka chiberekero: ndinalakwitsa pati?

Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Akuluakulu ndi anzanga pa ntchito, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka lapitali. Ndine mlangizi wa ziweto, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri pakati pa alimi a ng'ombe zamkaka kuno ku Thyolo. Jakisoni wa epidural, wobaya m'ngalande ya msana kuti kumbuyo kwa chiweto kuchite dzanzi, ndinamuphunzira kusukulu ndipo ndinaonapo aphunzitsi akubaya, koma pandekha, popanda wina woima pambali panga, ndinali ndisanabayepo.

Loweruka m'bandakucha mayi ena anandiimbira foni kuti ng'ombe yawo yabereka usiku, thole lili bwino, koma chiberekero chatuluka. Nditafika ndinapeza ng'ombe ili chiimire m'khola la simenti, chiberekero chonse chili panja, chikulendewera mpaka m'mawondo a miyendo yakumbuyo, chitapakika ndowe ndi zinyalala za nsenjere. Ndi ng'ombe ya mbewu yosakaniza, Friesian ndi yachikuda, yobereka kachitatu, ndipo si yaikulu thupi. Inali kuchima pafupipafupi, moti ndinadziwa kuti popanda kuletsa kuchimako sindikanatha kubwezeretsa kanthu.

Ndinameta ubweya pa tsinde la mchira, ndinatsukapo ndi sopo, ndinapaka ayodini, kenako ndinalowetsa singano ya saizi ya 18G pamalo amene ndinaganiza kuti ndi mpata wa pakati pa mafupa. Ndinabaya mamililita 5 a lidocaine wa 2 peresenti, mankhwala ochititsa dzanzi, monga momwe ndinalembera m'kope langa lakusukulu. Sirinji inali yolimba kukankha, ndipo pakhungu panatumphuka kachotupa ngati mtedza. Patatha mphindi 10 mchira unali kuingitsabe ntchentche ndipo ng'ombe inali kuchimabe. Eni ng'ombe ndi oyandikana nawo anali atandizungulira, aliyense maso ali pa manja anga, ndipo ndinaopa kulephera kachiwiri. Ndinabayanso patsogolo pang'ono, m'singano munaoneka kadontho ka magazi, ndinaisuntha pang'ono, ndipo ulendo uno ndinathira mamililita 9 poganiza kuti poyamba paja mankhwala anachepa.

Posakhalitsa mchira unalefuka, kuchima kunaleka, ndipo ndinayamba kubwezeretsa chiberekero. Ndili mkati mwa ntchito ng'ombe inayamba kudzandira, miyendo yakumbuyo inatang'adza, ndipo inagwa pasimenti ponyowa. Ndinamaliza ntchito ili chigonere, ndinaipatsa oxytocin, mankhwala okungitsa chiberekero, ndi kashiamu, ndipo inadzuka patatha maola pafupifupi 3. Lero ikudya ndipo ikukamidwa, koma ikutsimphina mwendo wakumbuyo wakumanzere.

Ndikufuna kudziwa mmene munthu angatsimikizire kuti singano yafika pamalo pake asanathire mankhwala, komanso mlingo woyenera ng'ombe zathu zino. Ndamvanso kuti ena amaphatikiza xylazine, mankhwala oodzeretsa ziweto, ndiye ndikupempha amene anayesapo andiunikire ngati ndi chinthu choti munthu wa msinkhu wanga pa ntchitoyi achiyambe.

Dokotala wa ziweto wopuma pantchito, Lilongwe

Bambo mlangizi, mwachita bwino kufotokoza zonse osabisa, chifukwa m'mawu anu momwemo muli kale yankho. Sirinji yolimba kukankha ndi kachotupa kapakhungu zikusonyeza kuti jakisoni woyamba uja sanafike m'ngalande ya msana, anathera pansi pa khungu kapena m'minofu. Mankhwala sanachepe ayi, anangopita kolakwika. Mutabaya kachiwiri munapeza malo enieni, koma munathiramo mlingo wofuna kulipirira kulephera kwa poyamba, ndipo ng'ombe inalandira wonsewo. Za mlingo ndisiyira ena, ine ndilankhule za manja.

Malo amapezeka ndi chala, osati ndi maso. Imani kumbuyo kwa ng'ombe, gwirani mchira ndi dzanja limodzi pafupi ndi tsinde lake, ndipo muziukweza ndi kuutsitsa ngati mukupopa madzi pa mjigo. Chala chachikulu cha dzanja linalo chiziyenda pakatikati pa msana kuchokera pa chiuno kutsikira kumchira. Mafupa a chiuno ndi olumikizana ndipo sagwedezeka, choncho chala chanu chidzamva kuuma kokhakokha mpaka chitafika pa kadzenje kamene kamatseguka mukatsitsa mchira ndi kutsekeka mukaukweza. Mipata yogwiritsa ntchito ilipo iwiri: wa pakati pa fupa lomaliza la chiuno ndi fupa loyamba la mchira, ndi wa pakati pa fupa loyamba ndi lachiwiri la mchira. Pa ng'ombe zokalamba mpata woyambawo nthawi zambiri umakhala utauma n'kusanduka fupa, motero ine ndinazolowera wachiwiriwo, umene ndi wotakasuka ndiponso umagwedezeka moonekeratu. Musadandaule kwambiri ngati simukudziwa kuti mwa iwiriyo muli pa uti, pakuti yonse imalowa m'ngalande imodzi.

Chimene chimachititsa kuti jakisoni ameneyu akhale wosaopsa kwambiri pa ng'ombe n'chakuti mtsempha waukulu wa mumsana umathera kumayambiriro kwa mafupa a chiuno, ndipo thumba la madzi limene limaukuta limatheranso m'kati mwa mafupa omwewo. Pamene inu mukubaya mumangokhala timitsempha totsikira kumchira ndi kumaliseche, mafuta, ndi mitsempha ya magazi imene imayala pansi pa ngalandeyo. Magazi amene munawaona anachokera m'mitsempha imeneyo, ndipo ndi chizindikiro chakuti singano inalowa mpaka pansi kapena inapatuka kumbali.

Tengani singano yatsopano ya 18G yotalika pafupifupi masentimita 4, ndipo muilowetse yokha, sirinji ili m'thumba. Kukamwa kwa singano kuyang'ane kumutu kwa ng'ombe. Ilowe pakatikati penipeni, itaima chilili poyerekeza ndi khungu la pamalopo, osati poyerekeza ndi nthaka. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa tsinde la mchira limatsetsereka, ndipo singano yoloza pansi molunjika imakagunda fupa. Boolani khungu mwachangu kamodzi, kenako chotsani dzanja ndipo mudikire kuti ng'ombe ithe kudumpha. Ikakhazikika, donthezani lidocaine m'kachikho ka kumutu kwa singano mpaka dontho litatumphuka pamwamba, ndipo muyambe kukankha singano pang'onopang'ono, diso lili pa donthoyo. Mudzamva ngati mwaboola kachikopa kopyapyala, ndipo nthawi yomweyo dontho lidzamizidwa, chifukwa m'ngalandemo mphamvu ya mpweya ndi yotsika kuyerekeza ndi kunja. Pa khola lachete mutha kumva ngakhale kaphokoso ka mpweya ukulowa. Pa ng'ombe zambiri zimenezi zimachitika singano italowa masentimita 2 mpaka 4. Njira ya donthoyi si ya ife a ziweto, anaitchukitsa ndi Alberto Gutiérrez, dokotala wa anthu wa ku Argentina, m'zaka za m'ma 1930, koma pa ng'ombe imagwira bwino kwambiri.

Mukagunda fupa singano isanalowe kwenikweni, ndiye kuti muli pamwamba pa fupa la mchira. Bwezani singano mpaka pansi pa khungu, gwedezaninso mchira, ndipo musinthe kapendekedwe. Musaipinde ili m'kati. Mukagunda fupa singano italowa ndithu, mwafika pansi pa ngalande, ndipo chofunika ndi kuibweza mamilimita awiri kapena atatu basi. Mukaona magazi, musathire mankhwala. Zulani singanoyo, tengani ina yoyera ndipo muyambirenso, popeza mankhwala olowa mu mtsempha wa magazi sachititsa dzanzi pamene mukufuna, komanso singano yoti mwaundana magazi singamize dontho.

Chizindikiro chachiwiri chili m'sirinji. Pokoka mankhwala siyanimo kampweya kakang'ono, ndipo polumikiza sirinji gwirani mutu wa singano ndi zala ziwiri, dzanja litatsamira pa ng'ombe, kuti singano isasunthe ngakhale ng'ombe itagwedezeka. Kokani pang'ono kuti muone ngati mukubwera magazi, kenako kankhani. Ngati muli pamalo pake mankhwala amalowa ngati mukuthira m'botolo lopanda kanthu, ndipo kampweya kaja sikafinyika. Kakayamba kuchepa pamene mukukankha, imani, simunafike. Thirani modekha, osati kamodzi n'kamodzi.

Mchira umalefuka m'mphindi 5 zoyambirira, ndipo mukaukweza n'kuusiya umagwa ngati chingwe chonyowa. Dikirani mpaka mphindi 10 musanaweruze kuti jakisoni wakanika. Akakanika, bwerezani ndi mlingo womwewo pamalo olondola. Ndikudziwa kuti mphindi 10 ndi zambiri pamene mudzi wonse ukukuyang'anani, motero ine ndinkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo kutsuka chiberekero ndi kutuma anthu kukatenga madzi ofunda, shuga ndi nsalu yoyera, kuti asamandiwerengere mphindi.

Dokotala wa ziweto, Mzuzu

Achimwene a ku Thyolo, bambo athu afotokoza za kupeza malo mokwanira, ine ndiwonjezere za mlingo, pakuti apa ndi pamene ng'ombe yanu inagwera.

Mamililita 5 amene munalemba m'kope si olakwika, koma ndi a ng'ombe yolemera makilogalamu 450 mpaka 500, ngati zimene olemba mabuku a ku Ulaya ndi ku America amakhala nazo m'makola mwawo. Lamulo lenileni ndi mililita imodzi ya lidocaine wa 2 peresenti pa makilogalamu 100 alionse. Mu mililita imodzi muli mamiligalamu 20, choncho mlingowo ndi pafupifupi mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu. Ng'ombe yachikuda yaikazi nthawi zambiri imalemera makilogalamu 250 mpaka 300 ndipo imakwanira ndi mamililita 3. Zosakaniza zambiri zimene ndimaziona kwa alimi ang'onoang'ono zimakwanira ndi mamililita 3 mpaka 4. Ngakhale pa Friesian yaikulu ine sindipitirira mamililita 6 ngati ndikufuna kuti ikhalebe chiimire. Mwa mafotokozedwe anu, ng'ombe ija inalandira pafupifupi katatu mlingo wake. Yendani ndi tepi yoyezera kulemera kwa ng'ombe pa chifuwa m'chikwama, chifukwa diso limanama, makamaka pa ng'ombe imene yangobereka kumene.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ngalande ya msana ili ngati paipi yopapatiza, ndipo mankhwala mukawathira kumchira amayenda kulowera kumutu malinga ndi kuchuluka kwake. Mlingo wochepa umangonyowetsa mitsempha yomalizira ya m'chiuno ndi ya kumchira, imene imatumikira mchira, kotulukira ndowe, maliseche, njira yoberekera ndi khungu la kumbuyo kwa ntchafu. Dzanzi la malo amenewa ndi limene limaletsa kuchima, popeza ng'ombe imachima chifukwa ikumva chinthu m'njira yoberekera. Mukachulukitsa, mankhwala amafika pa mitsempha yotuluka kumayambiriro kwa mafupa a chiuno ndi kumapeto kwa msana, imene imalimbitsa miyendo yakumbuyo, ndipo ng'ombe imayamba kudzandira kenako n'kugwa. Ilipo njira yothira mankhwala ambiri mwadala kuti chiweto chigone ndipo dzanzi lifike mpaka ku mchombo, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa matole ndi pa maopaleshoni ena a bere ndi miyendo, koma imatsitsa kuthamanga kwa magazi ndipo ikakwera kwambiri imasokoneza kupuma, motero si ya m'khola la mlimi kumene mulibe diripi kapena wokuthandizani. Onaninso botolo lanu: pa jakisoni ameneyu gwiritsani ntchito lidocaine wosasakaniza ndi adrenaline, ndipo botolo limene lakhala likubooledwa ndi singano zakuda lisayandikire msana wa ng'ombe.

Ndisiyane pang'ono ndi bambo athu pa nkhani ya dontho. Likamizidwa ndi umboni wabwino, koma likapanda kumizidwa si umboni wakuti mwaphonya. Ndaonapo kangapo singano ili pamalo pake dontho osasuntha, mwina chifukwa kachidutswa ka khungu katseka singano, mwinanso chifukwa ng'ombe ikuchima mwamphamvu nthawi yomweyo. Munthu wodalira dontho lokha amapitiriza kukankha mpaka kukabaya pansi pa ngalande, ndipo magazi aja amachokera pamenepo. Ine ndimakhulupirira kwambiri kufewa kwa sirinji.

Za xylazine, amagwira ntchito ndithu ndipo ubwino wake ndi kukhalitsa. Lidocaine yekha amatha pakati pa ola limodzi ndi maola awiri. Xylazine pa mlingo wa mamiligalamu 0.05 pa kilogalamu, wosungunulidwa ndi madzi a diripi a mchere mpaka kukwana mamililita 5, amachedwa kuyamba, mwina mphindi 15 kapena 20, koma amagwira maola 3 kapena kuposerapo. Mukaphatikiza awiriwa m'sirinji imodzi dzanzi limayamba msanga ndipo limatha kufika maola 4 kapena 5. Pa ng'ombe ya makilogalamu 300 mlingowo ndi mamiligalamu 15, amene ndi mamililita 0.75 a xylazine wa 2 peresenti, ndipo muyenera kuyeza ndi sirinji yaing'ono. Werengani botolo kawiri, chifukwa aliponso xylazine wa 10 peresenti wopangira mahatchi, wamphamvu kasanu, pamene ng'ombe ndi chiweto chimene sichichedwa kugonja ku mankhwala amenewa.

Koma xylazine sakhala m'ngalande mokha, amalowanso m'magazi. Ng'ombe imaodzera, imatsitsa mutu, imachucha dovu, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo chifu chimachepetsa kutakasa, moti ikagona cham'mbali imatha kufufuma mimba. Amachititsanso chiberekero kukungika, n'chifukwa chake timamupewa pa ng'ombe ya bere lalikulu, ndipo pa chiberekero chotuluka kukungikako kumaumitsa ntchito yobwezeretsa. Ng'ombe yoti yataya magazi kapena kashiamu watsika m'thupi sindingaipatse xylazine. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwazolowera lidocaine yekha mpaka dzanja litakhazikika. Musaiwalenso kuwerenga pa botolo masiku amene mkaka suyenera kugulitsidwa, ndipo muwauze alimi momveka asanapite nawo ku bulking group, kumene amasonkhanitsa mkaka.

Chomaliza, musafulumire kunena kuti jakisoni yekha ndiye anagwetsa ng'ombe. Chiberekero chimatuluka kawirikawiri pa ng'ombe imene kashiamu watsika, ndipo yoteroyo imakhala ili kale pafupi kugwa. Gwirani makutu ngati azizira, ndipo yang'anani nkhama ndi m'zikope. Zikayera mbuu, ganizirani za mtsempha wa magazi wa chiberekero woduka m'kati, umene umapha ng'ombe ngakhale mutabwezeretsa bwino.

Mlangizi wa ziweto, Chiradzulu

Achimwene, ine ndagwira ntchito imeneyi zaka zoposa 15, ndipo zimene akulu awiriwa anena sinditsutsa. Ndingoonjezera za khola, popeza ife timagwira ntchito kumene kulibe mpanda wopanikizira ng'ombe.

Vuto silinali kugona kwa ng'ombe, koma kagwedwe kake. Ng'ombe yoti miyendo yachita dzanzi ikatang'adza pasimenti ponyowa imang'amba minofu ya m'kati mwa ntchafu, ndipo nthawi zina fupa la chiuno limaguluka. Musanabaye, kokololani ndowe ndipo muwaze mchenga kapena muyale udzu wouma wambiri, kapena itulutseni muimangirire pamtengo panthaka youma. Mukaona yayamba kudzandira, musalimbane nayo kuti iime. Mangani chingwe chofewa pamwamba pa ziboda za miyendo yakumbuyo, mutasiya mpata wa pafupifupi theka la mita pakati pa miyendoyo kuti isatang'adze, ndipo muithandize kugona chafufumimba. Ikagona, ikani matumba a mchenga kapena mitolo ya udzu m'mbali kuti isagubuduke, ndipo muletse anyamata kuimenya kapena kuipotokola mchira kuti idzuke mankhwala asanathe. Ng'ombe zambiri zimavulala pamene zikukakamizidwa kudzuka miyendo isanabwerere mphamvu.

Ine ng'ombe yotuluka chiberekero ndikaipeza itagona kale sindiidzutsa. Ndimabaya epidural ili chigonere, kenako amuna awiri amakokera miyendo yonse yakumbuyo kumbuyo, ng'ombe n'kugona chafufumimba ngati chule, ndipo wina amaikhalira pamsana atayang'ana kumchira, atagwira mchira m'mwamba. Chiuno chimapendekeka mwa njira yakuti chiberekero chimalowa mosavuta. Dziwani chabe kuti pa ng'ombe yogona mchira umakhala wopindikira mbali imodzi, ndipo mukapanda kuuwongola musanabaye singano imapatuka, dzanzi n'kugwira mbali imodzi yokha.

Chiberekero chisalendewere pamene mukudikira mankhwala. Chiikeni pa nsalu yoyera kapena pa thireyi, anthu awiri achinyamule kufika pa msinkhu wa maliseche, chotsani nsengwa ngati ikuchoka yokha mosavuta, tsukani ndi madzi ofunda, ndipo ngati chatupa thirani shuga wambiri kuti akoke madzi. Kankhani ndi zikhatho kapena nkhonya, osati nsonga za zala, kuyambira mbali yoyandikira thupi. Chikalowa, tsatirani ndi mkono mpaka nyanga zonse ziwiri zitawongoka. Botolo loyera logwira kukhosi limathandiza kufikira kumene mkono sufika. Nsonga ya nyanga ikatsala yopindikira m'kati, ng'ombe idzayambanso kuchima dzanzi likangotha. Oxytocin abwere pambuyo pobwezeretsa, osati poyamba. Valani magolovesi aatali, chifukwa brucellosis, nthenda ya ziweto yogwiranso anthu, imalowera m'ntchito ngati zimenezi.

Za kutsimphinako, ngati ikuponda mwendowo ndipo chiuno chikuoneka chofanana mbali zonse, nthawi zambiri ndi minofu chabe. Isungeni panthaka yofewa, ipatseni mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, ndipo muionenso pakatha masiku angapo. Ikakana kuponda, kapena mwendo ukaoneka waufupi kapena wopotoka, itanani dokotala.

Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Zikomo kwambiri a dokotala nonse awiri ndi achimwene a ku Chiradzulu. Dzulo ndinabwereka tepi ndipo ndinapita kukaiyeza ng'ombe ija. Inasonyeza makilogalamu pafupifupi 320, kutanthauza kuti inafunika mamililita 3 okha kapena kuposerapo pang'ono, pamene ine ndinaipatsa 9. Mwendo ikuponda, ndipo mayi aja avomera kuti ikhale kaye panja pa khola la simenti. Ndinayesanso kupopa mchira monga mwafotokozera bambo a ku Lilongwe, ndipo ndinaona kuti jakisoni woyamba uja ndinabaya pamwamba penipeni pa fupa, pafupifupi chala chimodzi kumbuyo kwa kadzenje.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Loyamba, ngati thole lakanika kutuluka ndipo pakufunika opaleshoni yong'amba pamimba, kodi epidural yemweyu, atawonjezeredwa mlingo, angakwanire? Lachiwiri, mnzanga wina anandiuza kuti kale ng'ombe ikamachima masiku ambiri chifukwa cha njira yoberekera yotuluka mobwerezabwereza, ena ankathira spiriti m'ngalande ya msana kuti dzanzi likhale milungu ingapo. Kodi zimenezi n'zovomerezeka?

Dokotala wa ziweto wopuma pantchito, Lilongwe

Bambo mlangizi, pa funso loyamba yankho ndi ayi. Epidural wa mlingo wochepa safika pa nthiti kapena pambali pa mimba, ndipo ng'ombe ingamve mpeni wonse. Mukawonjezera mlingo mpaka dzanzi litafika pamenepo, ng'ombe idzakhala itagwa kale, pamene opaleshoni imeneyi imayenda bwino ng'ombe ili chiimire, mukung'amba kumanzere, kumene chifu chimatchinga matumbo kuti asatuluke. Mbali ya mimba imapatsidwa dzanzi payokha. Ena amabaya lidocaine motsatira mzere umene adzadule, ena amabaya mizere iwiri, wina kutsika kumbuyo kwa nthiti yomaliza ndi wina kuyenda m'munsi mwa mapiko a mafupa a msana, ndipo ena amatsekera mitsempha itatu pamene ikutuluka mumsana, wa pa nthiti yomaliza ndi iwiri yotsatira. Njira zimenezi zimadya mankhwala ambiri, motero muyenera kuwerengera kuti lidocaine yense asafike mamiligalamu 10 pa kilogalamu, ndipo ine ndinkakhala pansi ndithu pa malire amenewo. Epidural pa opaleshoniyi ndi wothandizira chabe, mamililita 3 kapena 4 oletsa kuchima kuti chifu chisamakankhidwire pabala. Opaleshoni yeniyeniyo musaiyambe nokha musanaime pambali pa dokotala kangapo. Kumene epidural angakuthandizeni inu tsiku ndi tsiku ndi pokonza thole lobwera molakwika, pamene mukufuna kulibweza m'kati kuti muwongole mwendo kapena mutu. Kumbukirani kuti mukaletsa kuchima mwachotsanso thandizo la mayi pokoka, ndiye pa thole longofuna kukokedwa musabaye.

Za spiriti, n'zoona kuti zinkachitika, ndipo ndinaonapo zotsatira zake. Spiriti sachititsa dzanzi monga lidocaine, amawononga mtsempha weniweniwo, ndipo palibe amene angakuuzeni motsimikiza ngati udzachira kapena liti. Ng'ombe imene ndinaiona inakhala ndi mchira wakufa miyezi, ndowe ndi mkodzo zikuyenderera pa mchira ndi pa ntchafu, ndipo nyengo ya mvula itafika mphutsi zinalowa pansi pa mchira. Mlingo ukapitirira pang'ono, miyendo imafa ndipo ng'ombe sidzukanso. Musayese.

Ng'ombe ikamachimabe dzanzi litatha, funani chimene chikuichimitsa. Lowetsani mkono muone ngati nyanga ya chiberekero yawongoka, ngati njira yoberekera yang'ambika kapena yayamba kuola, ndiponso ngati chikhodzodzo chadzaza chifukwa ulusi wosokera maliseche wathina kwambiri. Pa njira yoberekera yotuluka, bayani epidural, bwezeretsani, sokani ndi tepi yofewa mozungulira maliseche pansi pa khungu monga mwa njira ya Bühner, mutasiya mpata wa zala ziwiri kapena zitatu wotulukira mkodzo, ndipo mupereke mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa. Apa ndi pamene xylazine wosakaniza ndi lidocaine amene mayi a ku Mzuzu anena angathandize, ngati ng'ombe ilibe bere lalikulu. Epidural mutha kumubwereza tsiku lotsatira, bola mumete, mutsuke ndi kugwiritsa ntchito singano yatsopano ulendo uliwonse, popeza mafinya akalowa m'ngalande imeneyo kuwachotsa n'kovuta. Ngati ng'ombe yosokedwayo ili ndi bere, mangani mfundo yosavuta kumasula ndipo muwaonetse eni ake pamene ili, kuti adzamasule tepiyo ikangoyamba zizindikiro zobereka.